Galimoto Yachikasu Imene Ndinagulira Janelle

1

Dzina langa ndi Rex Camilleri. Mukafika ku Toowoomba mufunse aliyense amene anathirapo konkire pakhomo pake, akulozerani kwathu musanamalize n'kufunsa komwe. Ndinayamba ndi wilibala ndi fosholo yobwereka. Lero malole anga osakaniza simenti amatuluka pageti m'mawa atandondozana ngati ng'ombe zopita kudibi. Ndathira konkire ku migodi ya ku Pilbara, kumene nsapato zimamata pansi chifukwa cha kutentha. Ndamanga doko ku Lae mvula ikungokhuthuka osapuma. Ku Kazakhstan anandipatsa nyama ya hatchi, ine n'kupempha ina. Ku Chile chivomezi chinandipeza ndili m'bafa, ndipo ndinayamba ndamaliza kaye kusamba.

Ndikukuuzani zonsezi kuti mudziwiretu kuti munthu amene anapusitsidwa m'nkhani ino si chitsiru ayi.

Nditatopa ndi ndege ndinabwerera kunyumba kudzakhalitsa. Ndinkaganiza kuti mkazi wanga Janelle andilandira ndi manja awiri. M'malo mwake ndinapeza atasamukira kuchipinda cha alendo. Kuyambira nyengo ya Isitala anali wachilendo m'nyumba yake yomwe. Ankaima pazenera kapu ili m'manja mpaka tiyi kuzizira. Nthawi zina ndinkamupeza akulira pochapira zovala, makina akulira nawo kuti ndisamve.

Tsiku lina tikudya anaika foloko pansi.

"Rex, sindikudziwa ngati Khirisimasi idzandipeze m'nyumba muno."

"Ukudwala?"

"Ayi."

"Ndiye ukusowa chiyani? Tchula. Khitchini yatsopano? Paris? Ndikudziwa hotela ina kumeneko, mwini wake amanditchula dzina."

"Aliyense amakutchula dzina, Rex," anatero, n'kunyamula mbale yake.

Ine sindinagonjepo pa ntchito iliyonse, ndipo sindikanayamba ndi banja langa. Ndinagula mphete, inakhala m'bokosi. Ndinagula matikiti, ndinabweza. Kenako Loweruka lina m'mawa, ine ndisakuyembekezera, anabwera yekha pakhonde pamene ndinakhala.

"Unati nditchule. Ndikufuna galimoto yokathamangitsa kubwalo."

Ndinatsala pang'ono kutsamwa ndi khofi. Ankanena za masiku aja amene bwalo la mipikisano amalitsegulira anthu wamba: umalipira, umavala chisoti cholimba, n'kuthamanga mpaka mtima utakhuta, popanda wapolisi, popanda chikho. Janelle wanga, kamunthu kondilekeza paphewa ine amenenso sindine wamtali, amene popita kusitolo ankayendetsa ngati wanyamula mazira!

"Mayi, wafika pakhomo loyenera," ndinatero. "Ine ndinathamangapo pabwalo lotchuka la ku Germany lija. Ndikuphunzitsa ndekha."

Zoti ndinazungulira kamodzi kokha, pa galimoto yahayala, mabasi a alendo akundipitirira, sindinaone chifukwa chozitchulira.

"Koma chinthu chimodzi," anatero. "Galimotoyo ndisankha ine."

2

Ndinayamba ndi zazikulu, monga mwa chikhalidwe changa. Ndinamutengera kwa mnzanga wina amene ankagulitsa Commodore ya injini yaikulu ija, yoti ikalira mazenera a nyumba amanjenjemera.

"Imeneyi ndiye galimoto," ndinatero ndikumenya denga lake. "Ukangoponda, mawa umafika lero."

"Wophunzira safuna mphamvu," anatero Janelle osaiyandikira n'komwe. "Mphamvu imabisa zolakwa zako mpaka tsiku limene ikuponyere kukhoma. Komanso ndi yolemera. Idzadya matayala ndi mabuleki tisanafike masana."

"Wazitenga kuti zimenezo?"

"Pa intaneti."

Ndinamuonetsa ina ya ku Germany, yopanda denga, mipando yachikopa. Anandikumbutsa kuti ukangolowa pageti la bwalo, inshuwalansi imatsalira kunja. Ukagunda khoma, zako zada, palibe wokulipira. Anzanga a kumowa ananenanso zomwezo.

"Rex, aise, mvera mkazi," anatero mmodzi. "Kubwalo umapita ndi galimoto yoti ikaphwanyika, uisiya pomwepo, uvula chisoti, n'kupita kukagula soseji. Ngati ungailire, usapite nayo."

"Iweyo unalira pamene galu anakukandira chitseko," wina anamuseka.

Ndiye tinatsika, tinayamba kufuna zotchipa. Tinayenda, abale. Ipswich, Gatton, mpaka m'mafamu mwa anthu osunga agalu olusa. Ndinagwada pansi pa timagalimoto tambirimbiri kufufuza dzimbiri, ndinanunkhiza oyilo, ndinaponda makalachi mpaka bondo kutupa. Tinapeza ka Mazda kopanda denga, kabwinobwino, kamene aliyense wodziwa akanakatola tsiku lomwelo. Janelle anati mtundu wake sunamusangalatse. Tinapeza ka Toyota kopanda banga. Anati mwini wake ali ndi maso achinyengo.

"Kodi ukufuna galimoto kapena ukufuna mkamwini?" ndinamufunsa.

Sanaseke. Madzulo ake anandibweretsera foni. Pa chithunzi panali ka Hyundai Excel kakale, kachikasu kofwifwa, kopanda nambala za mumsewu, mkati mwake atachotsamo zonse n'kuwotchereramo zitsulo zoteteza munthu ikagubuduka. Anali kugulitsa ku Oakey. Mtengo wake unali wochepa kuposa wa firiji yanga ya mowa.

"Ichi? Janelle, amayi anga akanachita nacho manyazi popita kutchalitchi."

"Ndi yopepuka. Zida zake zili paliponse. Zonse zofunika kubwalo anaika kale."

"Anthu akandiona ndikukoka chimenechi adzati kampani yagwa."

"Unati ndisankha ine."

Anandiyang'ana m'maso, koyamba m'miyezi yambiri. Pa maso amenewo ndikanagula ngakhale wilibala.

3

Wogulitsa anali mayi wachikulire, Bev Halloran, wochokera ku Tasmania. Anabwera kudzalongedza nyumba ya mchimwene wake Warwick, amene anamwalira chaka chomwecho ndi mtima.

"Za magalimoto musandifunse," anatero akutsegula galaja. "Ine ndi Warwick tinkangoonana pamaliro a abale. Ndikungofuna chichoke ndigulitse nyumba."

Janelle anaima pakhomo la galaja osalowa. Ndinaganiza kuti ndi fungo la petulo.

Ine ndinagwira ntchito yanga. Dzimbiri panalibe. Mabuleki anali atsopano. Munthu ameneyu ankaisamala galimotoyo ngati mwana wakhanda. Kukhoma kunali chithunzi chake: chimunthu chachitali, chaimvi, mutu ukupitirira denga la galimoto ngati mtengo wa magetsi.

Ndinatsegula chitseko kuti ndikhale pachiwongolero. Mipando ya magalimoto amenewa si yosuntha ayi. Amaimanga ndi mabawuti pansi, pa muyezo wa mwini wake, kuti pangozi isagwedezeke. Ndinalowetsa mwendo umodzi, bondo n'kugunda chiwongolero. Mimba inakanirira. Ndinatuluka chammbuyo ngati nkhanu.

"Mayi, achimwene anuwo ankalowa bwanji muno? Ankadzipinda pawiri?"

"Kaya," anatero Bev. "Ndimamva kuti ankaphunzitsa anthu kubwaloko. Mwina ankakhala mbali inayo."

Ndinazungulira n'kukhala kumanzere. Kumeneko ndiye kunali bwalo la mpira. Mpando unali kumbuyo kwenikweni, moti mapazi anga sankafika pa chitsulo chopondapo. Ndinaseka.

"Janelle, tabwera uyese. Mwina anaimangira mwana wasukulu."

Analowa mwakachetechete n'kukhala. Msana unalowa mumpando ngati dzanja m'thumba lake lomwe. Mapazi pa mabuleki, manja pachiwongolero, zigongono zitapindika bwinobwino. Ngakhale malamba a paphewa sanafune kukoka.

"Taonani mwayi wanga!" ndinafuula. "Ngati anachita kukuyeza telala!"

Ndinatambasula dzanja n'kupotokola kiyi. Zii. Ndinayesanso. Zii.

"Batire lafa," ndinauza Bev, ndikukondwa mumtima kuti ndapeza potsitsira mtengo.

Janelle anapisa dzanja pansi pa chiwongolero, osayang'anako, n'kutembenuza kanthu kofiira. Injini inadzuka nthawi yomweyo.

"Pa intaneti?" ndinafunsa.

"Pa intaneti," anayankha, maso ali kutsogolo.

Ndinamufinya Bev pa mtengo, ndisaname. Ndinaphunzira kunenerera mtengo m'misika ya ku Istanbul, ndipo mayi wa ku Tasmania sakanalimba. Atavomera, anatenga chisoti choyera, chachikulu, chokalikakalika, pashelefu.

"Tengani ndi ichi. Ndikanachitaya."

"Chimenecho mutu wanga ungasambiremo," ndinatero.

Janelle anachilandira ndi manja awiri. Ulendo wonse wobwerera anachifungata pamiyendo, ine ndikumufotokozera mmene ndamugonjetsera Bev.

4

Masabata otsatirawo anali okoma kuposa ena onse a ukwati wathu, ndipo ndi amene amandiwawa kwambiri lero.

Ndinagula ngolo yokokera galimotoyo, yabwino kuposa zonse m'tauni, pakuti yopanda nambala siyenda mumsewu. Ngoloyo inadula kuposa galimoto yomwe, ndipo ndinaonetsetsa kuti aneba adziwe. Janelle anayamba kudya. Nkhope inabwerera. Madzulo aliwonse ankakhala m'galaja, akupukuta, akuyeza mpweya wa matayala, nthawi zina atangokhala pampando wake chitseko chili chotseka.

Ine ndinkamuphunzitsa m'khitchini, chivundikiro cha poto chili chiwongolero.

"Ukamafika pakona, buleki kaye. Usachite mantha. Ine ndidzakhala pambali pako, ndizidzakuuza."

"Chabwino, Rex."

"Ku Germany kuja anandiuza kuti ndili ndi manja achibadwa."

"Unandiuza."

Kamodzi kokha tinakangana. Ndinabwera ndi sipanala kuti ndimasule mipando, ndiike yosuntha, nanenso ndizilawako chiwongolero. Anandipeza nditagwada.

"Usakhudze!"

Mawu ake anamveka mpaka kumsewu. Pa zaka zonse za ukwati wathu anali asanandikalipirepo choncho.

"Ndi mabawuti chabe, mkazi."

"Ili bwino mmene ilili. Chonde, Rex. Isiye."

Kenako anaika dzanja paphewa langa, n'kulisiya pomwepo kanthawi. Ndinaika sipanala pansi. Dzanja limenelo ndinali nditalisowa, ndipo ndinadziuza kuti Khirisimasi yapulumuka. Ndinaimbira ana athu ku Brisbane kuwauza kuti amayi awo achira, ndipo wowachiritsa ndine.

Tsiku lopitira kubwalo anasankha yekha. Ndinati tidikire kutenthe pang'ono. Anati ayi, likhale Lamlungu limenelo basi, pabwalo la ku Wandooma.

5

Tinafika m'mawa, udzu udakali ndi chisanu. Anthu anali akutsitsa magalimoto, ena ayamba kale kuwotcha masoseji ndi anyezi. Janelle anati mutu ukumupweteka, akhala kaye m'pikapu. Anatsitsa chipewa kumaso n'kutsetsereka mumpando.

Ndikutsitsa galimoto pangolo ndinaona kuti anthu asiya zimene amachita. Anabwera mmodzimmodzi n'kuizungulira. Bambo wina wandevu, wonenepa, wovala malaya owala a oyang'anira bwalo, anaisisita denga.

"Ya Warwick," anatero. "Ndine Dougie, ndimayendetsa zinthu pano. Mwaipeza kuti, amwene?"

"Ku Oakey. Mutamva mtengo wake mungakomoke."

Palibe anaseka.

"Mwabwera dala lero?"

"Lero kuli chiyani?"

Anandifotokozera mwambo wawo. Mnzawo wa kalabu akamwalira, amasankha tsiku, ndipo masana magalimoto onse amazungulira bwalo kamodzi, pang'onopang'ono, nyale zili zoyaka. Galimoto ya malemuyo imatsogola, chisoti chake atachimanga ndi malamba pampando umene ankakhala. Lero linali tsiku la Warwick. Iwo ankaganiza kuti galimoto yake inapita kale kwa ogula zitsulo.

"Mungatilole itsogole?"

"Amwene, mwafunsa munthu woyenera," ndinatero. "Ngakhale chisoti chake ndabwera nacho. Rex Camilleri sachita zinthu mwatheka."

Ndinakalembetsa, ndinatenga mtanda womata kumbuyo kwa galimoto, chizindikiro choti woyendetsa ndi wophunzira, ena amupatse mpata. Olembetsawo anati atipatse mlangizi. Ndinawauza kuti mlangizi ndine.

Gulu la ophunzira litaitanidwa, Janelle anatuluka m'pikapu atavaliratu chisoti chakechake, galasi lake lakuda lili lotsitsa. Anadutsa pakati pa anthu n'kulowa m'galimoto. Ine ndinakhala kumanzere, mapazi ali lendelende.

Kuzungulira koyamba anayenda ngati akupita kusitolo. Ndinkamulimbikitsa.

"Bwino, mwana wabwino. Buleki apa. Waona? Palibe choopsa."

Kumapeto kwa bwalo kuli kona ina yotsetsereka, imene umalowa usakuona kotulukira. Titaidutsa kachiwiri ndinamva akupuma mwamphamvu m'chisoti, ngati munthu amene wakhala pansi pa madzi. Kenako phazi lake linatsika.

Abale, ndakwerapo ndege zazing'ono m'mapiri a ku Papua, woyendetsa akutafuna mtedza wawo wofiiritsa m'kamwa, koma sindinaopepo chonchi. Ka galimoto kotchipa kaja kanalira ngati mavu. Tinadutsa ophunzira onse ngati aima. Khoma linkabwera molunjika kumaso kwanga.

"Buleki! Janelle, buleki! Mayo!"

Sanaponde. Anadikira, anadikirabe, kenako anaponda kamodzi, dzanja likusintha giya mwachangu moti sindinalione. Galimoto inapendekeka, tayala lakumbuyo linanyamuka, tinatulukira mbali inayo tikupsopsona udzu. Pa kona yotsetsereka ija sanachotse n'komwe phazi. Ine ndinalibe popondera. Ndinkangogubuduzika m'malamba a munthu wamkulu kuposa ine, ndikuitana amayi anga amene anamwalira kalekale.

Titaima, ndisanapeze mpweya wolankhulira, Dougie anabwera akuthamanga, mimba ikugwedezeka. Anatsegula chitseko cha woyendetsa.

"Pa dziko lonse pali munthu mmodzi yekha amene amalowa kona imeneyo choncho," anatero. "Nel! Vula chinthucho, iwe mfiti!"

Janelle anavula chisoti. Nkhope yonse inali misozi.

Anthu anakhamukira. Amayi anamukumbatira, abambo akuluakulu akupukuta m'maso ndi nsanza za oyilo. "Nel wabwera!" "Nel wa Warwick!" "Tinakufunafuna pamaliro, mwana iwe, Isitala yonse foni yako osayankha!" Wina anaona mtanda uja kumbuyo n'kuseka mpaka kukhala pansi. "Ndani wamata ichi pa galimoto ya Nel? Theka la ife anatiphunzitsa kona yotsetsereka ndi iyeyu!"

Dougie anasuzumira mkati, anandiona, n'kunditambasulira dzanja.

"Pepani amwene, sindinadziwe kuti muli limodzi. Mwachita chinthu chachikulu kumubweretsa. Ndinu achimwene ake?"

6

Tinakalankhulira kuseri kwa ngolo yanga yodula ija.

"Kuyambira liti?"

"Uli ku Lae."

Ku Lae! Mwana wathu wamng'ono anali adakali kusekondale. Kuchokera pamenepo ndinapita ku Kazakhstan, ku Chile, ndinabwerera ku Pilbara kawiri.

"Ndinabwera kuno tsiku lina chifukwa nyumba inandikulira," anatero. "Ndinkangofuna kuonerera. Warwick anandifunsa ngati ndikufuna kuyesa. Poyamba zinali za galimoto basi."

"Poyamba."

"Eya. Poyamba."

"Ndiye wandiyendetsa m'mafamu monse muja, bondo langa kutupa, ukudziwa kale chimene ukufuna? Ndakugulira ndi dzanja langa galimoto ya chibwenzi chako? Ndanyamula chisoti chake m'pikapu yanga?"

"Ndinkadikira kuti aitsatse. Ndinkaopa kuti ipita kwa ogula zitsulo. Pamaliro sindikanapita, Rex. Ndikanaima pati, monga ndani? Lero ndimafuna ndingotsatira kumbuyo, chisoti chili kumutu, wina asandidziwe. Ndimafuna nditsanzike basi. Koma manja anandikana."

"Ukanandiuza."

"M'galaja muja ndinatsala pang'ono. Unaona chithunzi, unaona mpando, unaona ndikuyatsa injini. Ndinati tsopano afunsa, ndipo ndimuuza zonse. Unafunsa za dzimbiri. Unafunsa za kalachi. Kenako unayamba za Istanbul."

"Usandiponyere ine mlandu. Amene anathira simenti m'dzuwa kuti iwe ugone pabwino ndani?"

"Ndiwe. Sindikukana. Ndalakwa ine, Rex, ndipo sindipempha kuti unene kuti sindinalakwe."

Chimkuzamawu chinalira: magalimoto onse akonzeke, yachikasu patsogolo.

Ndine munthu wodziwa kupanga chisankho msanga, ndi chimene chinandilemeretsa. Ndinamuuza kuti: "Lowa m'pikapu tsopano lino. Chinthucho tichisiya pompano, achite nacho zimene akufuna. Tikafika kunyumba sindidzatchulanso nkhaniyi mpaka kufa. Ana sadzamva. Ndi mwayi umene mwamuna wina sangakupatse."

Ndinkanena zoona. Ndikanatha.

Janelle anatsegula chitseko cha pikapu, mtima wanga n'kudumpha. Anawerama, anatenga chisoti choyera chija pampando wakumbuyo, n'kutseka chitseko.

Ndinamupitirira ndi liwiro limene sindinkadziwa kuti ndili nalo. Ndinafika pa galimoto yachikasu, ndinalowa kumanzere, ndinadzimanga malamba. Kumbuyo kwathu magalimoto anali atandanda kale, nyale zikuyaka dzuwa lili pamutu, injini zikung'ung'udza. Anthu onse a kumpanda ankayang'ana.

Janelle anaima pachitseko changa, chisoti chili pachifuwa.

"Rex, tuluka."

"Galimoto ndi yanga. Ndinagula ndine."

"Ndi yako. Mpandowo si wako."

"Ndine mwamuna wako, Janelle. Uwauze anthuwa. Uwauze kuti ndine ndani."

Anatembenuka, n'kunena mokweza, mawu osagwedera: "Awa ndi amuna anga, a Rex. Sankadziwa kanthu."

Ndinkafuna kuti anthu adziwe, ndipo anadziwa. Dougie anavula chipewa n'kuyang'ana pansi. Mayi wina anagwira pakamwa. Palibe ananditonza, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipha. Ndikanakonda akanaseka. Ndaimapo pamaso pa nduna za maboma, ndakalipirapo mabwana a migodi, koma anthu ovala maovololo ong'ambika aja ankandimvera chisoni.

Ndinayang'ana pansi. Mapazi anga anali lendelende, osafika pachitsulo, ngati a mwana amene amukhazika pampando wa bambo ake.

Ndinamasula malamba.

Janelle anaika chisoticho pampando, anachimanga bwinobwino, anakoka lamba aliyense mosamala, n'kuchisisita pamwamba kamodzi. Kwa ine sanacheuke. Ndinaima pampanda ndikuona kagalimoto kachikasu kakutsogolera mzere wonse kukwera chitunda pang'onopang'ono, mtanda wanga wa ophunzira udakali kumbuyo kwake.

7

Asanamalize kuzungulira ndinali nditamasula ngolo. Ndikanatha kupita nayo, n'kumusiya ndi galimoto yosayenda mumsewu, aone yekha mmene achokere ku Wandooma. Ndinaganizapo, ndisakunamizeni. Koma sindinafune kuti anthu aja adzanene kuti Rex Camilleri ndi munthu wowerengera. Ndinaisiya pomwepo, makiyi a loko ali pamwamba, ndipo ndinabwerera ku Toowoomba pikapu ili yopepuka.

Khirisimasi sinamupeze m'nyumba muja. Pano amakhala ku Oakey m'kanyumba kalendi kokhala ndi galaja. Ana amapita kwa iye kaye, kenako kwa ine. Mwana wanga wamkazi akuti amayi ake tsopano ndi amene amakhala kumanzere, kuphunzitsa amayi ena. Mpando wa kumanzere uja akuti sanausunthe. Amangoika pilo kumsana.

Ine ndili bwino. Kampani ikukula, mwezi wamawa ndikupita ku Vietnam kukaona fakitale. Amayi ambiri amandimwetulira. Koma sipanala ija idakali pamene ndinaisiya m'galaja tsiku lomwe anandigwira paphewa, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati dzanja lija linkagwira ine, kapena linkangoteteza mabawuti.

Inu owerenga, makamaka abambo anzanga amene mumaganiza kuti nyumba imaima chilili pamene inu muli pa ndege: wina wa kwanu akadzakupemphani galimoto yoyambira kubwalo, malangizo amene mudzamve ndi oona. Gulani yaing'ono, yopepuka, yotchipa. Onani dzimbiri, onani mabuleki. Zonsezo ine ndinazichita, ndipo galimoto ndinagula yabwino, palibe angatsutse. Anzanga a kumowa anati ikhale yoti ukhoza kuisiya pabwalo n'kuchoka osalira. Ndinaisiyadi, ndipo galimotoyo sindinailire.

Koma mukadzatsegula chitseko, mkazi wanu n'kukhala pampando womangidwa ndi mabawuti, mpandowo n'kumukwana ngati anachita kumuyeza, musadzafuule za mwayi wanu ngati mmene ndinachitira ine. Mudzatseke pakamwa, mudzamuyang'ane kumaso, n'kumufunsa. Mwina yankho lidzakupwetekani chimodzimodzi. Koma mudzalimvera m'galaja, muli awiri, osati pamaso pa bwalo lonse, mapazi ali lendelende.